Malipenga a Achinyamata ndi Makutu a Okalamba

Pa Lamulungu la pa 28 Julaye 2024 tidali pa parishi ina ya kumapiri kuno ku Dedza. Lidali tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba onse, limene malemu Papa Francis adakhazikitsa m'chaka cha 2021 kuti lizichitika pa Lamulungu lachinai la mwezi wa Julaye. Misa itatha, nkhalamba zoposa 60 zidaloŵetsedwa m'holo ya parishi, ndipo gulu la achinyamata 14, ambiri mwa iwo ophunzira a ku yunivesite, lidaziimbira kwa ola limodzi ndi theka. Padali malipenga aang'ono anai, ma trombone aŵiri, ma horn aŵiri, tuba imodzi, ma clarinet atatu ndi ng'oma ziŵiri.

Mwambo wotere ngwozoloŵereka ku America ndi ku Ulaya, kumene anthu opuma pa ntchito amakhala m'midzi yomangidwira iwo okha, ndipo magulu oimba a m'mayunivesite amapita kukaŵasangalatsa. Kwathu kuno nkhalamba zambiri zimakhala pakati pa ana ndi zidzukulu, choncho mwambowu ngwachilendo. Popeza tikudziŵa kuti maparishi ena adzafuna kutengera, taona kuti nkoyenera kuupima msanga, usanazike mizu pamodzi ndi zilema zake. Ndemanga yathu tikuilemba mwa ulemu kwa achinyamata aja, amene adalipira okha ulendo wao, ndipo sadalandire kanthu koposa nsima ndi kachewere.

Zimene tidamva

Tiyambe ndi zoyamika, pakuti zidalipo. Aliyense amene adagwirapo lipenga amadziŵa kuti kuzizira ndi mdani wake: chitsulo chikazizira, mpweya wa m'kati mwake umazizira nao, ndipo mau amatsika. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'maŵa wa Julaye zala zimachita kuuma. Achinyamataŵa adazidziŵa zimenezi. Tidaŵaona akuuzira mpweya m'zoimbira zao asanayambe, nalinganizanso mau ao kachiŵiri nyimbo zitatu zitapita. Chifukwa cha kusamala kumeneku, nyimbo zodekha za m'chigaŵo choyamba zidamveka zogwirizana, makamaka pamene ma horn aŵiri aja adatsala okha ndi tuba. Horn kukamwa kwake kumaloza kumbuyo, ndipo woimba amaika dzanja m'kati mwake. Nchifukwa chake mau ake amafika kwa womvera ali ofeŵa, atayamba agunda khoma. Pa mphindi zimenezo m'holo mudali zii, ndipo ngakhale amene ankatsokomola adaleka.

Chachiŵiri choyamika ndi mwambo wa gululo. Panalibe wofuna kumveka kuposa anzake. Aliyense adali ndi mzere wake wa nyimbo, osabisala kumbuyo kwa mnzake, monga mwa njira imene Frederick Fennell adayambitsa m'chaka cha 1952 pa sukulu ya nyimbo ya Eastman ku Rochester, yakuti mbali iliyonse iziimbidwa ndi munthu mmodzi. M'dziko limene zoimbira zotere nzosoŵa, ndipo aphunzitsi ake ngoŵerengeka, luso limeneli silipezeka mwa ngozi. Tikuŵaombera m'manja.

Komabe luso la woimba ndi theka chabe la nyimbo. Theka linalo lili kwa womvera, ndipo nkumeneko kumene tidapeza zilema zitatu.

Khutu la munthu wokalamba

M'buku lachiŵiri la Samuele, mutu 19, muli nkhani ya Barizilai, nkhalamba ya zaka 80 imene idathandiza mfumu Davide pa nthaŵi yothaŵa Abisalomu. Davide atafuna kumtenga kuti akakhale naye ku Yerusalemu, iye adakana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti makutu ake sankathanso kumva oimba. Mphatso ya mfumu idali yaikulu, koma siinali yolingana ndi thupi la woilandira.

Madokotala a makutu amatiuza kuti munthu akamakalamba, mau oyamba kumtayika ndi aang'ono okwera, onga a likhweru ndi a mbalame, pamene mau aakulu otsika amakhalitsa. Amatiuzanso kuti khutu loonongeka chotere silipirira phokoso: mau apansipansi siliŵamva, koma akangokwera pang'ono limamva kuŵaŵa. Tsono holo imene tidakhalamo njofolera ndi malata, pansi pake nkukhala simenti, ndipo malipenga anai aja adaima moyang'ana nkhalamba pamtunda wosapitirira mamita atatu. Nyimbo zoguba zitayamba, tidaona amai angapo akumanga mipango yao molimba kuti itseke makutu. Ma clarinet, amene adapatsidwa mbali zokometsera zapamwamba, adagwira ntchito yaikulu imene ambiri mwa omvera sadaimve konse. Cholakwa chimenechi nchosavuta kukonza. Bwalo lapanja, dzuŵa litakwera, likadachotsa kulira kwa malata, likadapatsanso nkhalamba kadzuŵa koothera. Koma cholakwacho chikutiululira kanthu kena kozama: okonza tsikulo adaganiza kwambiri za zimene adzaimbe, osaganiza za amene adzamve.

Nyimbo za yani?

Chilema chachiŵiri chidali m'kasankhidwe ka nyimbo. Pa nyimbo 12 zimene zidaimbidwa, kupatula nyimbo ya fuko lathu, imene adapeka Michael Sauka, zonse zidali za ku Ulaya ndi ku America: za m'tchalitchi za Angerezi ndi Ajeremani, zoguba za asilikali, ndi ziŵiri za m'mafilimu. Wotsogolera gululo, polonjera anthu, adati abwera kudzaonetsa agogo zoimbira zimene mwina sadazionepo. Adanena ndi mtima wabwino, koma mbiri ya dziko lino ikumtsutsa.

Lipenga lachitsulo lakhala likulira m'dziko muno kwa zaka zoposa 100. Gulu la asilikali la King's African Rifles lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, ndipo dziko la Nyasaland lidapereka asilikali a mabataliyoni ake aŵiri oyamba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu adaitcha ya Chiwaya, ndi imene idafika pa Karonga pa 9 Sepitembala 1914, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa kukagwira ntchito ya mtengatenga. Anthu ameneŵa ankadzuka ndi lipenga, kudya ndi lipenga, kuika maliro ndi lipenga. Pa nkhondo yachiŵiri ana ao adalimvanso ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Mpaka lero, pa Lamulungu lokumbukira ofera ku nkhondo m'mwezi wa Novembala, lipenga limalira pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba pamaso pa asilikali akale. Mumzinda womwewo, pafupi ndi Cobbe Barracks, mudamangidwa nyumba zosungirako asilikali okalamba, zimene tingati ndizo zofanana kwambiri ndi midzi ya opuma pa ntchito ya maiko akunja. Kwa omvera otero lipenga limatchula maina a anzao amene sadabwerere.

Obwerera ku nkhondo aja sadabwere ndi malipenga achitsulo, pakuti adali a boma. Adabwera ndi kulira kwake m'mutu, naŵapanganso ndi zimene adali nazo. Gule wa beni, amene dzina lake lidachokera ku liu la Chingerezi lotchulira gulu la oimba malipenga, adayambira m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Lamu ndi Mombasa m'zaka za m'ma 1890, nafalikira ndi nkhondo mpaka kwa Ayao a kwathu kuno. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma kudabadwa gule wa malipenga, ndi maboma ake okhala ndi mfumu, akapitao, dokotala ndi namwino. M'chigaŵo chapakati mudabadwa mganda. Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lofotokoza mbiri ya beni, adaonetsa kuti magule ameneŵa sadali kungotsanzira Azungu mwa chimbulimbuli: anthu adatenga perete wa atsamunda namuloŵetsa m'mipikisano yao ya mudzi ndi mudzi, ya ukhondo, ya kuvala bwino ndi ya kuponda pamodzi.

Tiŵerengere zaka. Munthu amene adali ndi zaka 80 m'chaka cha 2024 adabadwa mu 1944, ndipo adali mnyamata wa zaka 20 pamene dziko lidalandira ufulu mu 1964. Unyamata wake udali wa mganda wa m'chilimwe anthu atakolola, wa kabudula woyera wosita ndi makala. Udalinso wa ulendo wa ku Joni ndi ku Salisbury, pakuti Wenela adapitiriza kutenga anthu mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Kumeneko adamva chitoliro cha kwela cha Spokes Mashiyane, chimene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adachisandutsa chathuchathu, mpaka Gerhard Kubik adayamba kuŵajambula mu 1967. Akatswiri a za maganizo adapeza kuti zimene munthu amakumbukira kwambiri pa ukalamba ndi za zaka zapakati pa 10 ndi 30, ndipo nyimbo za nthaŵi imeneyo zimakhalitsa ngakhale maina a zidzukulu atayamba kuiŵalika. Augustine Woyera, pofotokoza za nthaŵi m'buku lachikhumi ndi chimodzi la Confessiones, adapereka chitsanzo cha munthu wonena salimo limene amalidziŵa: mbali imene wanena kale ili m'chikumbukiro, imene yatsala ali kuiyembekeza, ndipo mtima wake watambasukira mbali zonse ziŵiri. Adaonjeza kuti moyo wonse wa munthu uli chimodzimodzi. Kwa nkhalamba, mbali yonenedwa kale njaitali. Woimbira nkhalamba popanda kukhudza mbali imeneyo ali ngati mlendo wofika pa mudzi nkuyamba kufotokoza za kwao asanafunse za moyo wa eni khomo.

Dandaulo la Aristotle

Chilema chachitatu ndicho chidatipatsa maganizo ambiri. Nkhalamba zidakhazikidwa pa mabenchi m'mizere, oimba nkukhala kutsogolo, pakati nkusiya mpata wopanda munthu. Ntchito ya omvera idali kukhala chete ndi kuomba m'manja pa mapeto.

Anzeru akale a ku Greece ankachikayikira choimbira chouzira. Plato, m'buku lachitatu la Republic, adachotsa chitoliro mumzinda wake wabwino. Aristotle, m'buku lachisanu ndi chitatu la Politics, adati chitoliro chisaphunzitsidwe kwa ana, popeza chimadzutsa mtima osaumba khalidwe, ndiponso chimatseka pakamwa: wochiliza sangalankhule kapena kuimba mau. Adakumbutsanso nthano ya Athena, amene adachitaya ataona kuti chikumpotoza nkhope. Thomas Aquinas, pokamba za kutamanda Mulungu ndi nyimbo, adatsamira pa Aristotle yemweyo, nati zoimbira zimakokera mtima ku chisangalatso koposa kuukonza. Msonkhano Waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za Liturjiya cha pa 4 Disembala 1963, udatsekula khomo: ndime 119 ikuti nyimbo za mitundu ya anthu zilemekezedwe, ndipo ndime 120, itatamanda limba la mipope, lomwenso ndi louzira, ikulola zoimbira zina. Komabe funso la Aristotle silidafe. Kodi choimbira chotseka pakamwa pa woimba, nkutsekanso pakamwa pa womvera, chingamange bwanji ubale pakati pao?

Makolo athu adaliyankha funsoli osaŵerenga Aristotle. Badza la mganda ndi chikho chachitali chobooledwa, chimene ku nsonga kwake amamatako kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Masiku ano ena amaikapo kapepala kapulasitiki kopyapyala. Woimba sauzira chabe ai: amaimbira m'kati ndi liu lake, kansalu kaja nkunjenjemera, liu nkutuluka lokula ndi lonyenyeka ngati la lipenga. Motero badza ndi liu la munthu lomwe, litangovala chovala china, ndipo aliyense wodziŵa nyimboyo amamva mau ake ngakhale sakutchulidwa. Kwa Anyungwe a ku Tete kuli gule wa nyanga, amene Andrew Tracey adamfotokoza m'chaka cha 1971. Aliyense amagwira timabango toŵerengeka tomangidwa pamodzi, nauzira kamodzi, nkuimba ndi liu kamodzi, mosinthanitsa, kwinaku akuvina mozungulira ndi maseche ku miyendo. Palibe mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Imatuluka pokhapokha onse alukana. M'magule onse aŵiriŵa mpweya, liu ndi phazi nzosalekanitsika, ndipo oonerera ali ndi mbali yao ya nthungululu, m'manja ndi kufupa.

Zimenezi tidaziona ndi maso pa nyimbo yotsiriza. Idali yoguba, ndipo ng'oma yaikulu ndi tuba zidagwa m'kagundidwe koyandikira ka mganda. Bambo wina wokalamba, woyendera ndodo, adaimirira, nafumbata dzanja pakamwa ngati wagwira badza, nayamba kung'ung'udza mbali yakeyake yoyenda pansi pa malipenga. Anzake aŵiri adamtsata, nafola naye mumpata uja. Amai adaimba nthungululu. Mmodzi wa othandiza adathamanga kuti akaŵakhazike pansi, poopa kuti angagwe. Wotsogolera adatembenuka, naona, nabwezanso maso pa pepala lake, namaliza nyimbo pamene wolemba adaimalizira. Bwenzi atangokweza dzanja kuti abwereze, tsikulo likadakhala lina. Pambuyo pake bambo uja adagwira dzanja la mnyamata wa tuba nati, "Mwana wanga, lipenga lanuli likulira bwino, koma mwalimana miyendo." Mnyamatayo adayankha mwaulemu kuti, "Zikomo agogo, tamva," koma sitikhulupirira kuti adamvetsa kuti walandira ndemanga yoposa yathu ino.

Otsutsa anganene chiyani?

Wina angati tikufuna kutsekera okalamba m'khola la zakale, ngati kuti sangakondwere ndi chinthu chatsopano. Dandaulo limeneli nloona mbali ina, ndipo taonetsa kale kuti nyimbo zodekha za ma horn zidaŵagwira mtima ngakhale zidali zachilendo. Mbadwo umene udasandutsa chikho kukhala lipenga sungaope zatsopano. Chimene tikukana ndi mndandanda wa nyimbo umene chatsopano chokha ndicho chili ndi malo, ngati kuti omverawo adafika m'holo alibe kanthu m'manja.

Wina angatinso kumvera mwa chete nakonso ndi kutengako mbali, ndipo nyimbo zina zimafuna bata. Tikuvomera. Boethius adafika ponena kuti woimba weniweni ndi amene amatha kuweruza nyimbo ndi nzeru, kuposa wongoliza ndi zala. Koma ngati nkutero, ndiye kuti nkhalamba zija, zimene zaweruza mipikisano ya magule kwa zaka 60, zidayenera kufunsidwa maganizo ao. Palibe amene adazifunsa, tsikulo lisanafike kapena litapita.

Ngakhale kumene mwambowu udachokera adazindikira kupereŵera kwake. Pa sukulu yomwe ija ya Eastman, Roy Ernst adayambitsa m'chaka cha 1991 gulu la New Horizons, loti anthu achikulire aziphunzira kuliza okha malipenga, ena kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo magulu otere adafalikira m'mizinda yambiri. Kwathu kuno, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College lidaphunzira zofanana m'zaka za m'ma 1980, pamene aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr adayamba kupanga zisudzo pamodzi ndi anthu a m'midzi, m'malo mongoŵabweretsera zophikaphika. Pansi pa mapiri athu omweŵa, ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni m'chaka cha 1976, ntchito imene maziko ake adali kukhala pansi ndi akuluakulu a Acheŵa, Angoni ndi Ayao nkuŵamvera. Chitsanzo sitichita kukachifuna kutali.

Mau otsiriza

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, ya ola limodzi ndi theka m'holo yozizira, koma ikukhudza bala lalikulu. Mu Januwale 2016 anthu anai okalamba adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, mphezi itapha mtsikana wina, ndipo nkhani zotere sizidathere pomwepo. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Lamulo lingalange wakupha, koma silingaphunzitse mudzi kuona nkhalamba ngati munthu wokhala ndi kanthu kopereka. Munthu amene timangomchitira zinthu, osayembekeza kulandira kanthu kwa iye, pang'onopang'ono amasanduka katundu, ndipo katundu akalemera anthu amafuna pomtula. Chifundo chongopatsa chili ndi ngozi imeneyi, ngakhale chitabwera ndi malipenga onyezimira. Tidazoloŵera kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiyenera kukumbukanso kuti ndiwo adasunga moto umene ife tikuotha.

Tsono kwa abale athu ansembe, ndi kwa inu a m'seminale amene mudzakonza masiku otere m'maparishi, tikupempha zinthu zoŵerengeka. Oimba afike tsiku limodzi lisanakwane lenilenilo, akhale pansi ndi nkhalamba, afunse nyimbo za unyamata wao, aphunzire ziŵiri kapena zitatu ndi khutu. Aimbire panja, mozungulira, kwa nthaŵi yosapitirira ola, mau otsika akhale patsogolo. Pakati asiye bwalo, ndipo wofuna kuvina asaletsedwe. Womthandiza aime pambali pake. Afunefune m'midzi amene akudziŵabe kusema badza, amlipire monga mphunzitsi, ndipo wophunzira wa ku yunivesite alembe mbali za mabadza pambali pa za ma horn, kuti ziŵirizi zimvekere pamodzi. Izi sizifuna ndalama zoposa zimene zidaonongedwa kale.

Tamva kuti achinyamata aja akufuna kudzabweranso, ndipo tikuŵalimbikitsa kutero. Luso ali nalo, mtima wabwino ali nao. Asachedwe, pakuti amene angaŵaphunzitse mbali imene ikusoŵa m'mapepala ao ali ndi zaka 80, ndipo chisanu cha ku Dedza chaka chilichonse chimatengako ena.